Njerwa Zosalira za Ba Mukela

Ba Mukela ndinayamba kuwadziwa ndi fungo, dzina linabwera pambuyo. Ndinali nditangopuma ntchito ya njanji, ndamanga kanyumba kanga ku Dambwa North, ndipo madzulo ndikakhala pakhonde pankadutsa bambo wamtali, wowonda ngati mpini wa khasu, akununkha utsi wa tsanya, mtengo umene kuno amati mupani. Anali wa mtundu wa Alozi, wa ku Kalabo, woumba njerwa. Ankaumba kudambo, n'kusanja uvuni wotalika kuposa nyumba, n'kuusonkhezera zikuni mpaka njerwa zifiire psuu. Makoma ambiri a m'dera lathu anatuluka m'manja mwawo. Nayo nkhalango imene inali kuseri kwathu inathera m'mauvuni omwewo, ndipo chifuwa chawo chinatsala chikulira ngati mvukuto wong'ambika.

Chaka china anapeza ganyu pa loji imene inkamangidwa m'mbali mwa msewu wa Nakatindi. Kumeneko anaona zimene sanazionepo: njerwa zoumbidwa popanda moto. Amatenga dothi la pachulu, kulisefa, kuthiramo kasimenti kochepa ngati mchere wa m'ndiwo, kuwaza madzi, kenako kulipanikiza m'makina a chitsulo okhala ndi mkono wautali. Njerwayo imafunditsidwa pulasitiki, n'kumathiriridwa ngati mbande mpaka ikhwime. Loji itatha, kapitawo anawasiyira makina akale othyoka mkono. Anakawotcherera mkonowo, nabwera nawo kunyumba pa wilibala ngati mkwatibwi.

"Ba mudala, mudziwa simenti ni chani?" anandifunsa tsiku lina, atakhala pa chitsa changa. "Ni mwala wootcha. Bamauotcha mu chimoto chikulu kupambana uvuni wanga. Utsi wake uyenda kumwamba, ndiye uja utipsereza mu Okutobala. Nyumba munthu akalibe kugonamo, yadya kale nkhuni na malasha."

Za kumwambazo sindinazimvetse zonse. Koma zoti mvula ya masiku ano yasanduka mlendo wamanyazi, ine ndinali mboni.

"Nashoka mitengo yambiri ine mu moto wa mauvuni," anatero, akutsokomola. "Nifuna nisiyeko chipupa chimodzi chamene sichinadye mtengo. Chimodzi chabe, pamene anthu bazachiona."

Mwayi unaoneka ngati wadza wokha. Mpingo wathu waung'ono, umene ambiri mwa anthu ake ndi ochokera kwawo kwa ba Mukela, unali utatopa kupemphera pansi pa malata oimikidwa pa mapolo. Tinagwirizana zomanga tchalitchi. Ba Mukela anadzipereka kuumba njerwa zonse ndi manja awo, napita nayo imodzi kwa ba Siyanga, mkulu wa mpingo, bambo wa mawu okhuthala amene kale ankayendetsa galimoto za alendo ku bwalo la ndege.

Kuno munthu akamagula njerwa saifunsa mtengo asanaigogode. Njerwa yopsa bwino imalira kuti nge! Ba Siyanga anatulutsa kiyi wa galimoto nagogoda. Inangoti phu.

"Ba Mukela, iyi njerwa yanu ni yodwala? Siikamba."

"Siikamba chifukwa siinapite pa moto. Koma ni yolimba."

"Na ba mai banga ku Kalabo nyumba yao siikamba. Tinathawa matope kumunzi, manje mufuna tiyapeleke kwa Mulungu?"

Anthu anaseka. Ba Mukela anatola njerwa yawo. Anaimiza mu dilamu ya madzi kuseri kwa malata aja, naisiya momwemo mpaka Lamulungu linalo. Ataivuula, ba Siyanga anaimapo ndi nsapato zawo zonse ziwiri, nadumphapo kamodzi. Njerwa sinagwedezeke. Ba Siyanga anakanda kumutu, nati, "Chabwino, umbani. Tizaona."

Nyengo yonse yachisanu ba Mukela anaithera pa bwalo la tchalitchi. Ndinkawaona m'mawa akulendewera pa mkono wa makina aja ndi thupi lonse, pakuti mphamvu za m'mikono zinali zitawathera. Akazi awo, ba Lonah, ankathirira njerwa ndi chitini chobowola, akudandaula kuti mwamuna wawo wakwatira chitsulo. Milu inakwera, yofiirira, yosalala, m'mphepete mwake mowongoka ngati mwadula ndi mpeni. Ine ndinkaisisita podutsa. Sindibisa, ndinkaikonda.

Tsono mpingo wathu uli ndi mwambo wake. Pomanga chilichonse, ngakhale khonde, pamakhala Lamulungu la simenti. Banja lililonse limabweretsa thumba lake, limene kuno timati poketi. Salilowetsa mwakachetechete ayi. Bambo amalisenza paphewa, mayi ndi ana kumbuyo akuvina, nthungululu zikulira, mpaka kukalitula kutsogolo. Wosauka amene sapatsidwa mpata wolankhula pa msonkhano, tsiku limenelo amayenda pakati pa tchalitchi maso onse ali pa iye.

Sabata imodzi tsikulo lisanafike, ba Mukela anapempha kulankhula pa zolengeza. Anaimirira nkhope ikuwala, ngati munthu wobweretsa uthenga wa mwana wobadwa.

"Abale, musadzivute na mapoketi. Njerwa zilipo kale. Simenti ifunika ni ing'ono chabe, ya pansi na yomangira. Mabanja yang'ono chabe, yabili olo yatatu, yangakwanitse. Benangu mupumule."

Ankayembekezera kuomberedwa m'manja. Palibe anaomba.

Kumbuyo kunaimirira ba Mervis, mayi wamasiye wogulitsa zitumbuwa pa geti ya sukulu. Poketi yawo anali atagula kale, ikugona pansi pa bedi, yokutidwa ndi chitenje kuopa chinyezi.

"Ba Mukela," anatero, "nanga mabanja yamene yazaleta mapoketi ni yati? Ni ya ba Siyanga na bamene bali na mamotoka, si tero? Ise tizankhala pansi, tiziomba m'manja? Poketi yanga Mulungu saifuna?"

"Awe, ba mai, sininakambe tero..."

"Mwakamba! Mwana wanga akanifunsa kuti mami, pathu ni pati pa chipupa ichi, nizamuonetsa chani? Dothi ya pa chulu?"

Apa ndipo ndinaona kuti mnzanga wagwa m'mbuna imene sanaione. Iye ankaganiza kuti akupeputsa anthu katundu, osadziwa kuti katunduyo ndiye ulemu wawo. Anayesa kufotokoza za utsi ndi za mwala wootcha, koma chifuwa chinamugwira pakati pa mawu, ndipo wina pakati pa anyamata a kwaya anati, "Utsi wamene bakamba ni uja uli mu chifuwa chao!" Ena anaseka, ena anachita manyazi. Ine ndinaimirira kunena kuti mapoketi abwere ndithu, otsala tidzamangire china. Palibe anandimva. Mawu a nkhalamba pa phokoso ali ngati mluzu pa mphepo.

Lamulungu la simenti linachitika, lokoma kuposa onse amene ndikukumbukira. Ba Mervis anavina ndi poketi yawo pamutu, misozi ili mbwembwembwe. Mapoketi ataunjikana chotero, panalibenso wofunsa za njerwa zosalira. Anaitana anyamata oumba mabuloko a simenti, ndipo tchalitchi chinakwera chotuwa ngati phulusa, pambali pa milu ya ba Mukela yofunda pulasitiki.

Mpaka lero chimandipweteka. Mlandu wake ndilibe woupatsa. Ba Mervis sanalakwe. Ba Mukela sanalakwe. Koma mawu awiri okha aja oti "benangu mupumule" akanakonzedwa, bwenzi tikupemphera m'nyumba ina.

Pamapeto ba Siyanga, pofuna kutonthoza mnzawo, anati njerwazo zimangire zimbudzi za kuseri, koma zipakidwe pulasitala ndi simenti yotsala, alendo angatiseke. Ba Lonah anawauza amuna awo kuti akane. Iwo anangotenga chingwe ndi mpeni womangira, napita. Anamanga mwaluso lomwe akanamangira guwa. Kutsogolo ndi m'mbali anapaka pulasitala monga anauzidwira. Koma khoma lakumbuyo, loyang'ana kutchire, analisiya lamaliseche.

Mvula zingapo zalimenya khoma limenelo, ndipo silinasuluke. Makina aja ali pansi pa mtengo wa mango kwa ba Mukela, nkhuku zikuikira m'menemo, pakuti chifuwa sichiwalolanso kulendewera pa mkono. Tikaweruka mapemphero, ba Mukela amandikoka dzanja, tizungulire kuseri, tikupyoza m'zitsamba zaminga.

"Mwachiona, ba mudala? Chikali chilili."

"Ndachiona."

"Nenze kufuna pamene anthu bazaona," amatero, akusisita njerwa ndi chikhato. "Manje baona chabe ni imwe na mbuzi."