Maliro a Munthu Wosamudziwa

Mayi anga anamwalira ku Ntcheu ine ndili ku Clondalkin m'dziko la Ireland, mapepala anga asanatuluke. Ndikanapita kukaika maliro, sakanandilola kubwereranso. Nyimbo za kumanda ndinazimvera pa foni, kenako ndinavala yunifolomu n'kupita kukasambitsa okalamba a eni ake. Miyezi inayi inatha osagwetsa msozi, mpaka ndinayamba kudziopa ndekha.

Nthawi imeneyo chuma cha Ireland chinali chitagwa, ndipo ntchito ya bambo a kunyumba ku bwalo la ndege inali itatha. Mwamuna akasowa chochita nzeru zimamuchulukira. Loweruka lina anati, "Tiyeni tipange ka trip, mukapitidwe mphepo. Mukangokhala mu flat muno mudwala." Ndinakwera galimoto monyinyirika.

Titayenda maola atatu kulowera kumadzulo, tinafika pa katauni ka msewu umodzi. Panali tchalitchi, mabala awiri a mowa, ndi nyumba zatsopano zosamalizidwa, udzu utamera mpaka pakhomo. Ife tinkangofuna tiyi basi.

Tikuimika galimoto, eni masitolo anayamba kutseka zitseko n'kuima panja. Pakona panatulukira galimoto yamaliro ikuyenda pang'onopang'ono, anthu akuitsatira wapansi. Bambo anavula chipewa monga timachitira kwathu. Operekezawo anali ochepa, imvi zokhazokha, ndipo panalibe wolira ngakhale woyambitsa nyimbo. Zinandipsetsa mtima. Munthu n'kupita chonchi ngati katundu?

Ndinangozindikira ndikuyenda pambuyo pawo.

"Mukupita kuti inu?" bambo ananong'ona akundithamangira. "Anthuwa sitikuwadziwa. Atiitanira ma Garda, apolisi a kuno."

Ndinapitiriza kuyenda. Titafika pachipata cha manda ndinayamba kulira, kulira kwenikweni kwa kwathu, koitana mayi mokweza. Anthu onse anacheuka. Manyazi ndinali nawo, koma kusiya kunandikanika.

Mayi wina wachikulire wa chikhoti chakuda anabwera n'kundigwira mkono. Anali mkazi wa malemuwo. Anandifunsa m'Chingerezi ngati ndinali mmodzi wa anamwino amene ankasamala amuna awo kuchipatala.

Ndinawauza zoona, kuti amuna awo sindinkawadziwa, ndinkalira mayi anga amene ndinalephera kukawaika.

Mkono wanga sanausiye.

"Ana anga awiri anapita ku Australia ntchito zitatha kuno. Sanathe kubwera," anatero. "Tiye ukaime pamalo pawo."

Ndinaima pambali pawo mpaka bokosi linatsika.