Apongozi Anga ndi Ophunzira Udokotala

Ndinkaphunzitsa pa Jenda pamene apongozi anga aamuna anayamba kupereka moni kwa mitengo. Ng'ala inali itaphimba maso onse awiri. Kuchipatala cha pa boma ku Mzimba anatilembera kalata yopita nayo kuchipatala chachikulu cha mumzinda, komwe amaphunzitsirako madokotala. Banja linasankha ine kuti ndiwaperekeze, ati poti ndine Mchewa ndikamvana nawo anthu a kumeneko.

M'mawa woyamba muwodi, dokotala wamkulu analowa ndi gulu la achinyamata ovala zoyera, nazungulira bedi. Apongozi atamva mapazi ambiriwo anandigwira dzanja, zimene anali asanachitepo chikwatirire ine mwana wawo.

"Aphunzitsi, anthu onsewa? Mbwenu ndikufa?"

Ndinawafotokozera kuti awa ndi ophunzira, abwera kudzaphunzirira pa maso awo. Anakonza kolala ya malaya.

Kuyambira pamenepo anaiwala zoti ndi wodwala. Wophunzira akafunsa kuti vutoli linayamba liti, iwo ankayambira chaka chimene anagula ng'ombe yoyamba ku Euthini. Anawauzanso kuti chipatalacho anachiona chikadali tinyumba tochepa, akudutsa pa ulendo wa ku Joni, ngakhale apongozi aakazi amanenetsa kuti ulendowo unathera pa Kasungu.

Tsiku lina mtsikana wina mwa ophunzirawo analephera funso, dokotala wamkulu namukalipira. Apongozi anakweza dzanja.

"Ndapota adokotala, musamukalipire mwanayu. Diso ili ndi lovuta chomene. Ine mwiniwake landikanika."

Wodi yonse inafa ndi phwete, dokotalayo naye anabisa nkhope m'faelo.

Opaleshoni anayamba ndi diso lakumanja. M'mawa mwake, namwino atamasula bandeji, apongozi anayang'ana denga, zenera, kenako ine. Anandiyang'ana nthawi yaitali ndithu.

"Aphunzitsi, imvi zonsezi munazitenga liti? Ine ndimayesa mwana wanga ali ndi mnyamata."

Pobwerera anawerenga mokweza chikwangwani chilichonse cha m'mbali mwa msewu mpaka pa Jenda. Anthu a m'basi anatopa nawo, koma ine misozi inkalengeza.

Diso lakumanzere anatiuza kuti tidzabwere nalo pakapita miyezi itatu. Sabata ziwiri zisanathe, ndinawapeza pakhomo panga m'mamawa, atavala jekete, chikwama chili m'manja.

"Tiyeni," anatero, "ana aja atsalira pa maphunziro."