Khadi la Zithunzi ndi Wilibala ya Atate

Chaka chimene malaiti ankathima kwambiri, ine ndi atate tinkawalondola ndi wilibala. Kwathu ku komboni ya Chawama akabwera m'mawa, masana ankapita. Ku saluni ya akulu anga aakazi, chakufupi ndi msewu wa Kafue, kunali waya wina, ndipo kumeneko ankabwera masana. Ine ntchito yanga ndi yokonza mavidiyo a maukwati, a makichini pate olangiza akwatibwi ndi a makwaya. Kompyuta siyendera makala. Ndiye akangothima kwathu, tinkaikweza n'kupita nayo komwe ali.

Atate anali mlonda zaka zambiri, mpaka abwana awo anawauza kuti akalamba. Kuyambira pamenepo ankangokhala pa mpando pakhomo, wailesi pamwendo, ndevu osameta, ukawapatsa moni kuyankha ndi mutu. Munthu uja ankatidzutsa ndi nyimbo za kutchalitchi anangoti zii. Zinkandiwawa kwambiri, koma chochita ndinalibe.

Tsiku loyamba kundiona ndikulimbana ndi kompyuta kuti ndiisenze pamutu, anadzuka.

"Ufuna kuthyola khosi? Tula pansi."

Anakabwereka wilibala kwa aneba, ndipo mwezi usanathe anali atapeza yawoyawo, yakutha, n'kuipaka girisi. Anayamba kumeta. Anatulutsa chijasi chawo chakale cha ulonda, dzuwa liswe mtengo kaya kuzizire, n'kumaima pakhomo kudikira kuti babu lithime. M'Chawama monse, munthu wokondwa malaiti akapita anali mmodzi yekha, ndipo anali bambo anga.

Koma kukankha kwake, mayo ine! Ankathamanga ngati akupikisana ndi minibasi. Njira ya kumeneko ndi miyala, maenje ndi ngalande, ndipo kompyuta inkaima chilili pa wilibala, yomangidwa ndi mphira, gubudu gubudu mpaka ku saluni. Ndikati "Pang'onopang'ono, batate," ankati malaiti sadikira munthu. Ndinkaseka n'kumawatsatira, chowonera chake chili m'khwapa.

Patapita miyezi makina anayamba ulesi. Sanafe ayi, akanafa bwenzi nditadziwa kolira. Ankayaka bwinobwino, koma ndikaika vidiyo, mkwatibwi ankavina modukizaduka ngati wapondedwa chala. Ntchito yomwe inkatha malaiti asanapite inayamba kugona. Ndinapsa mtima, pajatu ine mtima wanga uli pafupi. Ndinatukwana munthu amene anandigulitsa khadi la zithunzi, iye kulibe, akudya zake kwawo.

Khadi limeneli ndilo limanyamula ntchito yonse ya mavidiyo. Ndi lolemera, lili ndi mafani awiri, ndipo limalowa mu siloti, kampata kakatali ka pa bolodi lalikulu la m'kati mwa kompyuta. Pakati pa khadi ndi bolodi pali tinjira khumi ndi tisanu ndi kamodzi todutsa zithunzi. Pali kapulogalamu kamene kamaonetsa tinjira tomwe tikugwira ntchito. Tsiku lina masana ku saluni ndinakatsegula, ndikuyembekeza kuona 16. Panalembedwa 2.

Poyamba sindinadandaule. Ndinali nditawerenga kuti khadi likakhala lopanda chochita limadzichepetsera liwiro kuti lisadye moto wambiri. Ndinalipatsa ntchito yolemera, mafani n'kuyamba kulira. Nambala osasuntha. Ndinachotsa madiraiva ake, timapulogalamu toliyendetsa, n'kuika atsopano, bando yonse ya intaneti n'kuthera pomwepo. Ndinalowa m'zosankha za bolodi, zija timaopa kugwira, kufufuza ngati pali chimene chinasintha. Panalibe. Akulu anga ankangondiyang'ana pagalasi uku akuluka munthu.

"Ukamba na ndani?" anandifunsa.

"Na chimakina ichi. Chinibisila vinthu."

Chinatsala n'kutsegula basi. Ndinathimitsa, kuzula chingwe, n'kuchotsa chitseko cha m'mbali. Khadi linali mu siloti yoyenera, ya pamwamba. Koma nditawalitsa tochi ya foni ndinaona kuti lakhala chopendekeka. Mbali ya kumbuyo, komwe kuli sikuluwu yolimangira ku bokosi, inali yolowa. Mbali inayo inali itasololoka, mano ake agolide akuonekera panja. Kapulasitiki kogwira khadi kumapeto kwa siloti kanali katathyoka, ndinakapeza pansi m'fumbi. Sikuluwu nayo inali itamasuka, ikungovina. Tinjira tiwiri tokha n'timene tinali tikukhudzana, tinato tili m'malere.

Ndinalizula, kupukuta mano ake ndi kansalu ka sipiriti, kuuzira fumbi mu siloti, n'kulikankha mofanana mbali zonse mpaka linakhazikika. Ndinamanga sikuluwu, n'kuyatsa. 16! Mkwatibwi uja anavina ngati munthu. Ndinakuwa mpaka mayi wolukidwa uja anadzidzimuka.

Akulu anga pakamwa sasunga kanthu. Atamva chomwe chinavuta anawomba m'manja.

"Ni wilibala ija! Nenze kukamba ine. Mudala amathamanga monga bamupisha. Uwauze aleke, uzibwela na takisi."

Ndinawatsinira diso, koma mochedwa. Atate ankakhala pa benchi panja, pafupi ndi zenera, kudikira nthawi yobwerera. Analowa, chipewa chili m'manja.

"Ndine ndawononga?"

"Si imwe, batate. Ni msewu."

"Msewu sukankha wilibala, mwanangu."

Tsiku limenelo anakankha pang'onopang'ono ngati anyamula maliro, mpaka kunyumba. Ine ndinali wokwiya ndi akulu anga, wokwiya ndi maenje, wokwiya ndi kapulasitiki kopusa kaja. Koma koposa zonse ndinali ndi mantha. Ndinkaudziwa mpando uja.

M'mawa mwake sanamete. Babu litathima masana, wilibala inali yovundikira kukhoma, iwo ali pa mpando, wailesi pamwendo. Anandiuza osandiyang'ana kuti ndiitane takisi, iwo zinthu za masiku ano sazidziwa, asandiphere ntchito.

Ndinalowa m'nyumba n'kuima pamaso pa kompyuta. Kunama kuti wilibala ilibe mlandu sindikanatha, atate sanamizika. Ndipo kuibwezera pa wilibala khadi lili momwemo, popanda kogwirira kaja, likanasololokanso tisanafike pa msika. Ndinatenga sikuludiraiva. Ndinalizulanso khadi lija, kuliika m'kathumba kake konyezimira komwe linabweramo, kulikulunga m'chitenge, n'kutuluka nalo.

"Batate, gwirani."

Analandira ndi manja awiri, pajatu munthu wa ku Katete salandira ndi dzanja limodzi.

"Chibokosi chija ni chitini chabe," ndinatero. "Chuma chonse ni ichi. Pa wilibala sichingayende, mu takisi naopa kuchiiwala, ndipo ine manja yanga mumayadziwa, nimagwetsa na makapu. Chifunika mlonda."

Anachiyeza kulemera kwake. Anandiyang'ana nthawi yaitali, ndipo ndinaona kuti andigwira, adziwa chomwe ndikuchita. Mumtima ndinati andibwezera.

"Nanga wilibala akankhe ndani?"

"Ine."

"Iwe? Wosadziwa n'komwe kupewa dzenje?"

Anadzuka, kulowa m'chipinda, n'kutuluka atavala chijasi. M'kati mwake muli thumba lalikulu momwe ankaika fulasiki ya tiyi akamapita ku ulonda. Khadi linalowa ndithu, mutu wake wokha kusuzumira. Anamanga mabatani mpaka m'khosi. Kompyuta anailamula kuti igone chammbali pa kamatiresi kakale, osati chilili ngati kale.

Anthu a m'njira anatiseka, ndipo sindiwaimba mlandu. Ine mtsikana ndikukankha wilibala thukuta kamukamu, mdala ali patsogolo, dzanja limodzi pachifuwa, linalo likuloza: "Kumanzere! Mwala uwo! Ukugona kodi?" Amayi ogulitsa tomato pa kona anakuwa kuti, "Ba mudala, bakukwezani pa nchito?" Atate anayankha kuti inde, tsopano ndi a kapitawo.

Odziwa makompyuta angandikalipire, ndikudziwa. Kuzula ndi kubwezera khadi tsiku ndi tsiku sikwabwino, siloti imatha. Ndinkachita mosamala, mtima uli m'mwamba, ndipo Mulungu anatikomera mtima, siinathe. Masiku ano ndili ndi kashopu kanga komwe kompyuta imagona pamalo amodzi, ndi kamtengo kochirikiza khadi kuti lisalendewere. Atate ndi amene amatsegula ndi kutseka, makiyi ali m'thumba lomwe lija.

Koma chimene ndimakumbukira ndi masana oyamba aja. Titafika ku saluni sanakhale pa benchi panja. Analowa, kumasula mabatani, kundipatsa chitenge chija chili chofunda ndi thupi lawo, n'kuima kumbuyo kwanga. Akulu anga maso anali pa mutu womwe ankaluka. Ndinalowetsa khadi, kumanga sikuluwu, kuyatsa, n'kutsegula kapulogalamu kaja. Atate anaweramira pa chowonera cha kompyuta, koma tizilembo tinali tating'ono kwa maso awo.

"Yawerenga zingati?"

"Sikisitini, batate. Zonse zafika."

"Palibe yasowa m'njira?"

"Palibe."

Anavala chipewa chawo, n'kufunsa akulu anga ngati mu saluni muno muli lezala.