Mmene Alamu Analowera mu Wodi ndi Mopu

Alamu anga, akazi a achimwene anga aakulu, sanalembedwepo ntchito chibadwire. Achimwene akafunsidwa ndi anzawo ankayankha kuti, "Amayi amangokhala." Pongokhalapo analera ana anayi, anadwazika mayi athu mpaka kuwatseka maso, ndipo achimwene atagwa ndi sitiroko n'kufa dzanja ndi mwendo, ndi iwo ankawasambitsa, kuwatembenuza ndi kuwadyetsa.

Kudyetsako kunali ndi kachitidwe kake. Achimwene sankamezanso bwino, choncho alamu ankawakhazika tsonga, kuwaweramitsa mutu pang'ono, kuwapatsa theka la supuni, kenako kudikira. Ukafulumira ankatsamwa mpaka maso kufiira. Ine ndinayesapo, achimwene n'kundiuza kuti ngati ndikufuna nyumbayo ndingonena.

Mliri wa chifuwa chobanikitsa uja utafika, achimwene anayamba kutsokomola ndi kupuma movutikira. Kuchipatala anawayeza n'kuwagoneka mu wodi ya odwala mliriwo. Lamulo linali litasintha: odikirira odwala asalowe. Chakudya tinkasiya pageti m'mawa, madzulo n'kukatenga mbale. Mbale za achimwene zinkabwera zodzaza, phala litauma pamwamba.

Sindikunena anamwino. Ena mwa iwo anali atadwala, otsalawo ankathamanga ndi masilinda a mpweya, kugoneka anthu chafufumimba kuti apumeko bwino, ndi kutulutsa amene asiya kupuma. Munthu wodya theka la supuni n'kupumira kaye analibe womudikira.

Alamu anakapempha mlonda wa pageti. "Amuna anga sadya okha."

"Mayi, pano aliyense ali ndi amuna osadya okha," anatero mlonda. "Sunthani, mwayandikira kwambiri."

M'mawa mwake alamu anavala diresi yawo yogwirira ntchito zapakhomo, majombo a achimwene, duku ndi masiki. Ananyamula ndowa ndi mopu ya kunyumba. Ndinawaperekeza, ndikuganiza kuti tibwerera limodzi. Mlonda yemwe uja anawatsegulira osawayang'ana n'komwe, n'kuwauza kuti pakhonde loyamba wina wasanza. Alamu anayambira pamenepo.

Masiku amenewo chipatala chinali chitabweretsa okolopa ena a kampani, poti ntchito inachuluka. Okolopa akale ankayesa alamu ndi a kampani, a kampani ankayesa ndi akale. Onse anagwirizana pa mfundo imodzi, yoti wodi yoopsayo ndi zimbudzi zake zikhale za mayi watsopanoyo. Anawapatsa magolovesi ndi epuloni ya pulasitiki.

Ankakolopa kuyambira pakhomo n'kumalizira pakona, pamene panali bedi la achimwene. Apo ankatsamiritsa mopu kukhoma, kusintha magolovesi, n'kutenga supuni. Mbale zinayamba kubwera zopanda kanthu, zotsukidwa kale.

Ine ndinasamukira kwawoko kukaphikira ana. Alamu akaweruka ankasambira kuseri, kuchapa okha zovala zawo, n'kukagona m'kachipinda kosungiramo katundu kuti asapatsire wina aliyense. Tinkacheza chitseko chili chotseka.

"Alamu, nanga mukadwala inuyo?" ndinafunsa.

"Mudzagule mopu yanu," anatero. "Iyi yatha."

Amene anawaulula ndi achimwene. Mphamvu zitayamba kubwerera, pakamwa panabwereranso. Tsiku lina asisita oyang'anira wodi ali pabedi loyandikana nalo, achimwene anakankha supuni n'kunena mokweza kuti, "Amayi, zaka zonsezi simunadziwebe kuti phala lozizira ine sindidya?"

Asisita anaitanira alamu kukhonde.

"Mayi, bambowa mumawadziwa?"

"Pang'ono."

"Pang'ono bwanji?"

"Tili ndi ana anayi."

"Anakulembani ntchito ndani muno?"

"Palibe."

"Nanga zimbudzi zija mumatsukiranji?"

"Zimakhala zakuda."

Asisita anatsamira khoma. Maso awo anali ofiira ndi tulo. "Lamulo likuti odikirira odwala asalowe, ndipo lamulolo si lopusa. Matendawa mutha kufa nawo, kapena kukapatsira ana kunyumba. Anzathu ena tawaika m'manda."

"Ndamva, asisita. Koma ndikatuluka, adya bwanji?"

Asisita anasuzumira mu wodimo. Mkati wina ankaitana namwino, ndipo panalibe namwino woti apite.

"Za okolopa lamulo silinanene kanthu," anatero. "Epuloniyo mukumavula molakwika, bwerani ndikuonetseni. Ndipo mukamaliza ndi bambo anuwo, agogo a pawindo aja ndi aphunzitsi ali pakhomowo nawonso sakudya."

Kuyambira tsikulo alamu ankakolopa, kutsuka zimbudzi, n'kudyetsa anthu atatu. Agogo aja anamwalira. Aphunzitsi ankathokoza pa supuni iliyonse, zomwe zinkachedwetsa ntchito, ndipo achimwene ankawayang'ana ndi diso loipa kuchokera pakona.

Achimwene anatulutsidwa atawonda ngati bango koma akupuma okha. Alamu anawakankha pa njinga ya olumala mpaka pageti pamene ndinkadikira, anandipatsa mankhwala n'kundiuza akumwa m'mawa ndi akumwa madzulo.

"Akhazikeni pamthunzipo, ndikubwera," anatero. "Aphunzitsi sanamalize kudya."

Anabwerera mkati. Tinakhala pansi pa mtengo, magalimoto a hayala akudutsa, ife osakwera. Achimwene anayang'ana geti kwa nthawi yaitali.

"Kodi kumeneko amawalipira?" anandifunsa.

"Ayi, achimwene."

"Ndiye akuchedwa chiyani?"