Diso la Pathabwa

Kampeni kanaterereka n'kulowa m'diso. Silinali langa, linali diso la pathabwa. Ndinali ndi zaka khumi, ndili ndekha m'chipinda cha agogo aMbewe, oyandikana nafe ku Kahawa, monunkha inki, palafini ndi utsi wa makala wolowera pazenera. Eni ake anali atapita ku duka, kagolosale ka pafupi, kukagula ndiwo zamasamba zotchedwa sukuma.

Anali Amalawi anzathu kudziko la eni kuno, okalamba, osaseka. Wansembe wina wa ku Jeremani anawaphunzitsa kusema nkhope pathabwa, kulipaka inki, kuyalapo pepala n'kulitikita ndi supuni mpaka nkhopeyo itatuluka. Chaka chilichonse ankakhala pagalasi n'kudzisema okha. Nkhopezo zinali ndandanda pakhoma, zakuda bii, tsaya limodzi mumdima, maso akukutsata kulikonse. Azimayi a kutchalitchi ankanong'ona kuti moyo wa mkuluyo uli m'matabwamo. Mayi anandiletsa kupondamo.

Ndinapondamo. Ndinapeza thabwa latsopano patebulo ndipo ndinafuna kuwonjezera mthunzi pansi pa diso. Ndinkayesa mpeni uli ngati pensulo, kuti pomwe wakanda pamada.

Chitseko chinalira.

"Iwe mwana wa aBanda. Ima pomwepo."

Anali agogo aMbewe. Anayang'ana thabwa, ine ayi. Analipaka inki, anayala pepala, n'kundipatsa supuni.

"Tikita."

"Agogo, pepani, ine sindima..."

"Ndati tikita."

Ndinatikita. Atasenda pepala, nkhope yawo inatuluka ndi makwinya ake onse, koma diso lamanzere linali loyera mbee.

"Pantchito ino mdima sitilemba, timausiya," anatero. "Pomwe mpeni wadya pamayera. Ndipo sipabwerera."

Kwa bambo sanandineneze. Chithunzicho anachikhoma pakhoma pamodzi ndi zinzake.

Mvula isanayambe, diso lawo lamanzere linachita mtambo. Kenako linayera. Bambo anati ndi ng'ala, matenda a ukalamba. Azimayi aja anayang'anizana. Ndinkadziwa amene anachita.

Lero ndine dalaivala ku Rongai, ndili ndi ana atatu. Ng'ala ndikuidziwa, madokotala amaichotsa. Komabe ndikamameta ndevu, diso langa lamanzere sindiliyang'ana pagalasi.

Ndinawafunsapo kamodzi kokha. Ndinawapeza masana pamsewu akudikira minibasi, imene kuno timati matatu, ndodo m'manja, kondakitala akuitanira opita m'tauni, "Tao! Tao!"

"Agogo," ndinatero, "kodi ndine ndinakuwonongerani diso?"

Anapotoza mutu kuti andione ndi lotsalalo. Anandiyang'ana nthawi yaitali. Kondakitala anamenya chitseko, galimoto inanyamuka, iwo osakwera. Anatembenuka n'kumapita wapansi m'fumbimo.