Mbira Yokana Kudya Yokha

Ndikukumbukira khitchini yathu yaudzu kwa Chapananga, ndi fungo lake la utsi wa mitsanya losakanikirana ndi la zitosi za mbira. Mbirazo zinali ziwiri, zanga, zondipatsa azakhali. Yofiirira ndinaitcha Khofi, yotuwa Phulusa. Zinkagona kuseri kwa mtsuko wa madzi, pamene dothi linkakhala lonyowa ngakhale m'chilimwe.

Ntchito yanga ndikaweruka kusukulu inali kutsikira kudimba, m'mbali mwa mtsinje wa Mwanza, kukathyola masamba a mbatata, chifukwa kumtunda udzu unkauma mpaka mbuzi kumadya makatoni. Ndikangofika pakhomo ndi mtolo wanga, ziwirizo zinkaimba malikhweru ngati ndine munthu wofunika kwambiri. Panalibenso wina pamudzi amene ankandilandira choncho.

Chaka china dzuwa la mu Okutobala linanyanya. Mchenga unkawotcha mapazi, nkhuku zili kukamwa yasa pansi pa nkhokwe. Tsiku lina amai anatenga mtsuko uja kupita nawo kumjigo, ndipo anachedwa pamzere. Pobwera ine ndinapeza Phulusa atagona cham'mbali, ataumirira. Ndinamukwirira pansi pa mtengo wa masawu. Mlongo wanga wamkulu, Malita, anaimba nyimbo ya maliro mokweza dala, mpaka ndinamugenda ndi chibuma.

Khofi anasiya kulira. Anasiyanso kudya. Ankangokhala pakona, ubweya utaimirira, mphuno italoza kukhoma. Masamba ankafota pomwe ndawaika. Ndinamupatsa gaga, makoko a nthochi, ngakhale kachidutswa ka papaya kamene ndinadzimana ndekha, koma osanunkhiza n'komwe. Mnzanga wina anati ndimuikire galasi aziona ngati mnzake wabwera. Ndinabwereka kagalasi kometera ka ababa. Khofi anadziyang'ana kamodzi n'kutembenuka. Ndinayesa kumuikira anapiye, iwo n'kumamukwera pamsana.

Ababa anali munthu wosunga ziweto, ndipo lamulo lawo linali limodzi pa ng'ombe, pa mbuzi ndi pa nkhuku. Madzulo ena anamunyamula Khofi, kumuyeza m'manja, n'kumupapasa m'nthiti.

"Zuze, chiweto chikayamba kuonda mpeni usachedwe," anatero. "Likafika Lamulungu asanadye, tidya ndife."

"Kanyama kakeko kakwanira ndani, ababa?" anafunsa Malita. "Mwina msuzi."

Ndinamulandira Khofi m'manja mwa ababa n'kumubweza pakona pake. Kwathu mwana sankatsutsana ndi bambo ake, makamaka pa nkhani ya ndiwo.

Loweruka masana amai anakazinga chimanga chouma pa phale. Ndinatapa changa m'thumba la kabudula n'kukalowa m'khitchini, osati kukayesanso china, koma kungokhala naye kotsiriza. Ndinakhala pansi, msana kukhoma, n'kuyamba kukukuta. Chimanga chija chinali cholimba, ndipo m'khitchini munali zii, moti kukukutako kunkamveka ngati munthu akuponda miyala.

Khutu la Khofi linagwedera. Patapita kanthawi anatembenuka, kuyenda pang'onopang'ono mpaka pafupi ndi phazi langa, n'kukoka tsamba la mbatata. Ndinasiya kutafuna kuti ndione bwino. Nayenso anasiya. Nditayambiranso, anayambiranso.

Ndinatafuna tsiku limenelo mpaka nsagwada kuwawa.

Malita anasuzumira pakhomo n'kufuula, "Amai, dzaoneni! Zuze akukhuza maliro a mbira!" Amai anabwera, koma sanaseke. Anati, "Nanga si ndi mmene zimakhalira? Wofedwa sapatsidwa mbale yakeyake. Umakhala naye pansi, n'kuyamba kudya ndiwe."

Ababa sanakhulupirire zongomva. Anabwera okha, kunditulutsa, n'kukhala pa mtondo wogoneka ndi chimanga chawo m'manja. Ife tinkasuzumira pa mpata wa udzu. Munthu wamkulu, woopedwa ndi abusa onse a ng'ombe, ali kukukuta pamaso pa mbira. Potuluka anangoti, "Wadya." Lamulungu lija tinadyera therere.

Kuyambira pamenepo chakudya changa ndinkadyera m'khitchini. Chimanga chikasowa ndinkakukuta nzimbe, nthawi zina mbatata yaiwisi. Mvula yoyamba itagwa, azakhali anatumiza mbira ina m'dengu, ndipo Khofi anandichotsa ntchito tsiku lomwelo. Ndikalowa ndi chimanga changa sankandiyang'ananso. Zinandipweteka pang'ono, sindinama.

Masiku ano kwathu mbira zasowa. Makhitchini ambiri ndi a malata, otentha moti kanyama kotere sikangapirire, ndipo ana anga m'tauni muno amangoziona pa foni. Ngakhale kudya kwasintha. Aliyense ali ndi mbale yake ndi nthawi yake, maso ali pa foni pomwepo.

Amai anatisiya chaka chatha. Anthu a maliro atabalalika, Malita anandiimbira foni. "Ababa sakudya. Ndimawaikira chakudya patebulo m'nyumba mwawo, chimabwerera chosakhudza. Tiwatengere kuchipatala?"

Ndinakwera basi m'mawa mwake. Ndinawapeza pakhonde, ataonda, akuyang'ana kukhola. Sindinawafunse za matenda. Ndinayala mphasa pafupi ndi mpando wawo, kuuza Malita abweretse mbale imodzi, n'kusamba m'manja n'kuyamba kudya. Anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Iwe Zuze," anatero, "wandisandutsa mbira?"

"Inde, ababa."

Anaseka pang'ono, koyamba chichitikireni maliro. Kenako anatsika pampando paja, n'kuti ndiwapatsire madzi osamba m'manja.