Nyimbo ya Mayi Nachisale ndi dzina langa pansi pa nkhani

Ndiyambe ndi kuthokoza Mulungu amene sananditaye pa ntchito ya utolankhani, ngakhale pamene dzanja langa linavulaza mtumiki wake.

Ntchitoyo anandipezera ndi mphunzitsi wanga wakale, atamva kuti nyuzipepala ina ya ku Blantyre ikufuna munthu wolemba za oimba a kuno ku Neno. Zida zanga zinali kope, bolopeni ndi foni yojambulira mawu. Ndikacheza ndi woimba, ndinkamvetsera zimene ndajambula, n'kuzilemba, kenako n'kukwera pachitunda kusaka netiweki kuti nditumize kwa mkonzi. Mutu wa nkhani ankalemba ndi mkonziyo, osati ine.

Tsiku lina ndinapita ku Ligowe kwa Mayi Nachisale, mtsogoleri wa kwaya ya amayi. Anali atapeka nyimbo imene inkaimbidwa pa maliro alionse. Ndinawafunsa kumene anaitenga.

"Achimwene, ndisanatembenuke mtima ndinkaimba pamowa ku Lisungwi," anatero akuseka. "Kaimbidwe kake n'komweko. Ndinangomulanda Satana n'kubwezera Mwini wake."

Ndinalemba zonsezo monga umboni. Nyuzipepala itafika pa boma Loweruka, ndinaona mutu wa zilembo zikuluzikulu wonena kuti kwaya ikuimba nyimbo ya zidakwa m'tchalitchi. Ndime ya kutembenuka mtima anali ataidula. Dzina langa lokha analisiya.

Ndinaimbira mkonzi. "Iwe, umboni ukaperekere kutchalitchi," anatero. "Ife kuno timagulitsa nyuzi. Uzithokoza, walowa tsamba loyamba."

Akulu a mpingo analetsa nyimboyo, ndipo mayiwo anawaimitsa m'kwaya. Ndinapalasa njinga kubwerera ku Ligowe kukapepesa. Ndinawapeza akupalira chimanga. Ndinafotokoza kuti mutuwo sunali wanga.

"Mkonzi wanuyo ine sindim'dziwa," anatero osaweramuka. "Amene ndinamuyalira mphasa ndinu."

Ndinapempha mkonzi kuti tilembe zoona zake, koma anati tsamba ladzaza. Mayiwo sanabwererenso m'kwaya mpaka lero.

Ntchitoyo ndinapitiriza, koma munthu akayamba kundikhuthulira za mumtima, ndinkazimitsa foni n'kumuuza kuti mawu ake akachoka m'manja mwanga sindingawatetezenso. Ambiri ankalekezera pomwepo. Mkonzi anati nkhani zanga zasukuluka, ndipo patsamba loyamba sindinafikeponso. Ndinavomera.

Ambuye akudalitseni inu owerenga, akugwireni dzanja, kuti chimene mnzanu wakusungitsani chisadzasanduke mwala womugenda nawo.